Mlendo pa Khomo la Mfumu: Akamwini, Atengwa ndi Obwera m'Dziko la Chileka ndi Lirangwe

Dziko limene lagona pakati pa phiri la Michiru ndi mtsinje wa Shire, kuyambira ku Chileka kwa Mfumu Kuntaja, kudzera ku Lunzu kwa Kapeni, kufikira ku Lirangwe ndi Mdeka kumene kumamveka maina a Lundu ndi Chigaru, ndi dziko la pamseu, ndipo mudzi wa pamseu sugona tsiku osalandira mlendo. Njira yakale ya amtengatenga, imene inkachoka pa dooko la Katunga kukwera ku Blantyre ndi kutsikiranso ku Matope polambalala mathithi a Shire, inadzera kuno. Njanji yopita ku Salima inadzeranso kuno. Ndipo pamene ndege zinayamba kuuluka m'dziko la Nyasaland, bwalo lake lalikulu linalambulidwa pa Chileka. Chifukwa cha ichi, mabanja a ufumu a dera lino akhala akuyankha funso limodzi mibadwomibadwo: kodi munthu wobwera amalowa bwanji m'nyumba ya eni dziko, ndipo akalowa, malire ake ali pati?

Tisanafike pa maina ndi zaka, tiyenera kukumbuka lamulo limene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe, ngakhale anasiyana zilankhulo ndi kochokera, analigwira mofanana, lakuti ufumu umatsata bere: mfumu ikagona, mpando wake sugwera mwana wobala iyo, koma mbale wake wa mimba imodzi kapena mwana wa mlongo wake. Lamuloli linalipo kalekale mu ufumu wa Amaravi, pakuti Kalonga ankalowa ufumu chifukwa cha Nyangu, mayi wa banja la Aphiri, ndipo ankakwatira Mwali wa kwa Abanda, anthu amene Aphiriwo anawapeza m'dziko. Motero nyumba yaikulu koposa zonse m'mbiri yathu inamangidwa pa ukwati wa obwera ndi opezeka. Tsono lamulo lotere limaika alendo awiri pakhomo pa mfumu iliyonse, wina wamwamuna, wina wamkazi, ndipo aliyense wa iwo ali ndi goli lake.

Woyamba ndi mkamwini, mwamuna wa mlongo wa mfumu kapena wa mwana wamkazi wa mlongoyo. Ankhoswe a mbali ziwiri akatha kumanga ukwati, mnyamatayo ankanyamula khasu, nkhwangwa ndi mphasa yake, nakamanga nyumba pamalo pamene eni mudzi amusonyeza. Tambala woyamba akalira ankalawirira kumunda kwa apongozi, nabwerako dzuwa lili paliwombo atasenza mtolo wa nkhuni kapena nsungwi za nkhokwe, ndipo iye ndi mkazi wake ankadya za m'nkhokwe ya apongoziwo kufikira chaka chimene akuluakulu aona kuti banjalo lakhwima, nawapatsa mafuwa awoawo. Akakumana ndi apongozi aakazi panjira ya kudambo, ankapatukira kutchire, nanjuta poteropo maso ali pansi mpaka iwo atadutsa. Pabwalo la milandu ankakhala kumapeto kwa mphasa, akuomba m'manja pamene ena alankhula. Pamaliro ndiye ankatema nkhuni ndi kutumidwa kukanena uthenga kumidzi yakutali. Yakobo anatumikira Labani zaka 20 napita ndi akazi ake, ana ake ndi ziweto zake. Mkamwini wa kuno akasudzulidwa ankabwerera kwawo ndi khasu lomwe lija, ana nkutsala kwa atsibweni awo. Nchifukwa chake makolo ankalangiza mnyamata wopita kubanja la ufumu kuti ukakwatira kwa mphenzi usaope kung'anima, ndiponso kuti mkamwini asamakule mwendo.

Koma taonani chodabwitsa cha mwambo umenewu. Tsiku limene ntchembere za mbumba zidzitsekera m'nyumba kuti zisankhe wolowa ufumu, dzina limene likutchulidwa m'katimo likhoza kukhala la mwana wa mkamwini yemwe uja. Ndipo iye, bambo wobereka, ali panja pamodzi ndi anthu wamba, alibe mawu ngakhale amodzi, akudikira kumva nthungululu. Mawa lake adzagwada ndi kuomba m'manja pamaso pa mwana amene anamuphunzitsa yekha kugwira khasu. Davide anali mkamwini wa Sauli ndipo pambuyo pake anakhala pa mpando wa Israeli. Kuno mkamwini amabala mafumu, koma iye mwini salowa ufumu.

Mlendo wachiwiri ndi mkazi wa mfumu. Popeza mfumu siingasiye mudzi wake kukakhala chikamwini kwina, imapempha kwa ankhoswe kuti itenge mkazi wake chitengwa. Ndipo mkaziyo, ngakhale aitanidwe mayi wa mudzi, ngakhale moto wa m'khitchini mwake usazime chifukwa cha alendo odzaona mfumu, amadziwa mumtima kuti pakhomopo pali alongo a mwamuna wake amene ndiwo eni mbumba, ndi kuti ana ake, amene anthu amawalemekeza kuti ana a mfumu, ufumu wawo uli kwa atsibweni awo kumene iye anachokera. Mwamuna akamwalira, maliro atatha ndi tsitsi litametedwa, akuchimuna ankamusudzula kuti abwerere kwawo, mwina atakhala pamudzipo zaka zonse za ukulu wake.

Panalinso mlendo wachitatu, amene mbiri yake sitiikamba kawirikawiri chifukwa ndi yowawa. M'masiku a malonda a anthu, mafumu ndi amuna achuma ankakwatira akazi ogulidwa kapena ogwidwa pankhondo, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: mkazi wotere analibe nkhoswe, ana ake analibe atsibweni owaitanitsa, motero ankatsala kwa bambo ndi kukulitsa mudzi wake. Apa ndi pamene tionera kuti chimene chinkasiyanitsa mlendo waufulu ndi kapolo sichinali kulemera kwa ntchito, pakuti onse ankalima, koma kukhala ndi munthu kumbuyo kwako wokuyankhulira pa mlandu, ndi mudzi umene ungabwerereko zinthu zikavuta.

Tsono tikatsegula mbiri ya dera lino, tipeza kuti amene lero tikuwatcha eni anali alendo dzana. Cha m'ma 1860, Ayao ochokera kumpoto chakum'mawa, atakankhidwa ndi nkhondo kwawo, analowa m'mapiri a Shire nagonjetsa midzi yambiri ya Amang'anja, ndipo njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 inatsiriza zimene nthungo zinasiya. Kapeni anakhazikika pa phiri la Soche. Koma m'busa Duff Macdonald, amene anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 nalemba buku lotchedwa Africana, anasimba chinthu choyenera kuchisinkhasinkha: kuti mvula ikakana, mfumu ya Chiyaoyo inkatembenukira kwa mzimu wa Kankhomba, mfumu yakale ya Amang'anja ya paphiripo, ndipo inkafuna anthu a mtundu wa Kankhombayo kuti athandize kupereka nsembe. Wogonjetsa anatenga minda ndi bwalo, koma anazindikira kuti mitambo siidziwa mfuti, ndi kuti dziko lili ndi eni ake ena ogona pansi amene mlendo ayenera kuwafikira kudzera mwa adzukulu awo. Ndipo popeza Ayao ambiri anakwatira akazi a Chimang'anja, zidzukulu zawo m'midzi yambiri ya kwa Kapeni ndi kwa Kuntaja lero zimalankhula chilankhulo cha amayi amene anagonjetsedwa aja.

Zomwezo zinachitika kunsi kwa mathithi ndi Amakololo, anthu amene David Livingstone anabwera nawo kuchokera kwa mfumu Sekeletu kumtunda kwa Zambezi. Ulendo wa Livingstone utatha mu 1864, anthuwa, amene anali ochepa ndithu koma anali ndi mfuti, anatsala m'chigwa cha Shire, nasonkhanitsa othawa njala ndi nkhondo, nagwetsa ulamuliro wa Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja a m'chigwamo, nadzilonga okha ufumu. Ndipo maina a Kasisi, Katunga ndi Maseya, amene ndi maufumu m'boma la Chikwawa mpaka lero, anachokera kwa iwo. Awa sanagogode pakhomo, anathyola chitseko. Komabe, popeza anabwera opanda akazi a kwawo, anakwatira ana aakazi a eni dziko, ndipo m'badwo umodzi usanathe ana awo anali kulankhula Chimang'anja.

Azungu nawonso anayamba monga alendo opempha malo. Mu 1876 Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito amene ankamumasulira, anafika kwa Kapeni, ndipo mfumuyo inawalola kumanga pafupi ndi Nyambadwe, poganiza kuti alendo okhala ndi mfuti adzakhala linga lotchinga Angoni. Koma ena mwa oyambawo anakula mwendo msanga: anayamba kuweruza milandu okha, kukwapula anthu ndi chikoti, ngakhale kulamula kuti munthu aphedwe, kufikira mbiri yake inamveka ku Scotland, ndipo mu 1881 Macdonald, John Buchanan ndi George Fenwick anachotsedwa ntchito. Fenwick analowa malonda a minyanga, nazolowerana ndi Chiputula, mmodzi wa mafumu a Amakololo, mpaka kumadya ndi kumwa naye. Koma mu 1884, atakangana pa za malondawo, anawombera mfumuyo, ndipo anthu a Chiputula anamupha iyenso. Anayesa kuti kudyera mbale imodzi ndi mfumu ndiko kulingana nayo, osadziwa kuti kwa eni kulibe mkuwe.

David Clement Scott, amene anatenga utsogoleri wa mishoniyo mu 1881, anayenda njira ina. Anaphunzira Chimang'anja mozama kotero kuti mu 1892 anasindikiza buku lalikulu lotanthauzira mawu ake; anaphunziranso kuti kuno nkhani siithera pa lamulo la munthu mmodzi koma pa mlandu, pamene mbali zonse zikhala pansi, aliyense nalankhula mpaka mawu amuthere, ndipo iye ankakhala nawo pa milandu yotere ndi mafumu oyandikana naye. Chaka chomwe Fenwick anaphedwa, Angoni a Chikuse anaoloka Shire nasakaza midzi, anthu nkuthawira m'mapiri a Ndirande ndi Soche. Chaka chomwechonso Scott anayenda ulendo wautali kukaonekera yekha kwa Chikuse, osatenga gulu la nkhondo, koma mkazi wake ndi anzake owerengeka. M'zaka zotsatira Angoni ambiri anayamba kubwera ku Blantyre ndi makasu ndi mitolo m'malo mwa zishango. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, anatero makolo. Koma kalumoko amameta nako ndi amene wayamba wapempha chilolezo kwa mwini mutu.

Tsoka ndi lakuti amene anapambana pamapeto sanali a mtima wa Scott. Dziko litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston anapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu amene ankati anagula minda kwa mafumu, kawirikawiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Eugene Sharrer yekha anatenga maekala oposa 300,000. Mfumu imene inkayesa kuti yasonyeza mlendo pomanga nyumba, monga ichitira ndi mkamwini aliyense, inadzidzimuka kumva kuti yagulitsa dziko la mbumba yake mpaka muyaya. Apa mwambo unatembenuzidwa chadodolido: kale wobwera ndiye ankalima m'munda wa mwini mudzi, koma pansi pa thangata mwini mudzi ndiye anayamba kulima m'munda wa wobwera kuti aloledwe kugona pamalo pamene panakwiriridwa mchombo wake. Alhomwe amene anakhamukira kuno kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1900, pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, anagwa m'magoli onse awiri: ena anakhala pa minda ya azungu, ena anakagwada kwa mafumu napatsidwa malo, nakwatira ndi kukwatiwa m'midzimo, kufikira lero mabanja ambiri a kuno ali ndi magazi awo.

Boma la atsamunda linasinthanso ufumu weniweniwo. Ndi malamulo a 1912 ndi 1933, maina a mafumu ovomerezeka analembedwa m'buku la bwanamkubwa, mafumuwo napatsidwa makhoti ndi malipiro. Ndipo mpando utayamba kubala ndalama, mikangano ya kulowa ufumu inakula, makamaka pakati pa ana a mfumu, amene bambo awo anawalipirira sukulu, ndi ana a alongo ake, amene mwambo unkawaloza. Kenaka inadza njala ya 1949, imene inakantha kwambiri midzi ya kumpoto kwa Blantyre, ndipo inayesa ukwati wa chikamwini pamoto. Megan Vaughan, amene patapita zaka anafunsa amayi a midzi imeneyi nalemba mbiri ya njalayo, anapeza kuti chimene amayiwo ankakumbukira koposa ndi amuna amene anapita kukasuma ku Mwanza, ku Neno ndi ku Ntcheu, ena nabwerako ndi chakudya, koma ena nakwatira komweko kapena kubwerera kwa abale awo, kusiya akazi ndi ana akufa ndi njala. Tisafulumire kuwaweruza onse ndi muyeso umodzi. Koma tiphunzirepo kuti munthu amene mwamukumbutsa tsiku ndi tsiku kuti pano si kwanu, tsiku la tsoka adzakumbukira yekha kumene kuli kwawo.

Pa 6 Julaye 1958, pabwalo la ndege la Chileka panatsika munthu amene anali mwana wa dziko lino koma atakhala kunja zaka zoposa 40, kotero kuti polankhula kwa anthu ake ankafuna womasulira. Mwezi wa Juni chaka chomwecho, Mfumu Kuntaja inali limodzi ndi Henry Chipembere ndi Dunduzu Chisiza ku London, kumene pamodzi ndi munthuyo, Dr. Hastings Kamuzu Banda, anakaonana ndi nduna yoona za maiko a atsamunda. Motero wobwerayo anatsikira m'dziko la mfumu imene inali itamudziwa kale. Banda anaumvetsa bwino mwambo umene tikukambawu, ndipo sanalole kuti aoneke ngati mkamwini: anadzitcha Nkhoswe ya amayi onse a m'Malawi, iwo nakhala mbumba yake, ndiye kuti anadziika pamalo pa mtsibweni, mwini mawu otsiriza pabanja. Zimene anachita ndi udindo umenewo m'zaka 30 za ulamuliro wake, zokoma ndi zowawa, ndi mlandu wina wofuna bwalo lakelake.

Masiku ano ana a ku Lirangwe, Lunzu ndi Chileka amaonera nkhani ya mlendo ndi banja la ufumu pa kanema. Wailesi ya MBC inazoloweretsa makolo awo masewero monga Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino. Wailesi ya kanema ya boma inatsegulidwa mu 1999. Ndipo pambuyo pake anadza mafilimu a ku Nigeria, amene amaonetsedwa m'tinyumba ta pamsika, anthu atathithikana pa mabenchi, chimkuzamawu chili panja, mnyamata womasulira akulankhula Chichewa pamwamba pa mawu a osewerawo ndi kuthirako nthabwala zake. Nkhani yake imabwerezedwabwerezedwa: mwana wamwamuna wa Igwe, ndiye kuti mfumu, wovala mikanda yofiira, wakonda mtsikana wosauka wogulitsa zipatso, mayi wa mnyamatayo akumunyoza ndi kumutchera misampha, pamapeto mtsikanayo apirira, abala mwana wamwamuna, navekedwa chisoti. Oonera amaseka ndi kulira nawo, pakuti kunyozedwa kwa apongozi akukudziwa. Koma nyumba imene ikuonetsedwayo ndi ya mwambo wa kuchimuna, kumene mkazi wobwera ndiye amabala wolowa ufumu, pamene kuno mkazi wa mfumu ndiye amene ana ake saulowa.

Chodabwitsa nchakuti sewero lakunja limene layandikira kwambiri mwambo wathu ndi la ku Mangalande, lotchedwa The Crown, limene linayamba kuonetsedwa mu 2016. M'menemo muli Philip, amene anakwatira Elizabeth mu 1947, nasiya ntchito yake ya usilikali wa pamadzi, namva mu 1952 kuti ana ake adzatchedwa a nyumba ya Windsor osati ya dzina lake, nagwada pamaso pa mkazi wake pa tsiku lomuveka ufumu mu 1953, nayenda pambuyo pake moyo wake wonse. Anamwalira mu 2021 asanakhalepo mfumu, ndipo chaka chotsatira mwana wake Charles analowa ufumu. Nkhalamba iliyonse ya kwa Chigaru imene inakhalapo chikamwini ingamve kudandaula kwa munthu ameneyu popanda womasulira.

Tikaunjika zonsezi pamodzi, chiweruzo cha mbiri chikuoneka poyera. M'dziko lino mlendo sanalowe m'banja la ufumu chifukwa cha chikondi chokha, kapena chuma, kapena mfuti. Amene anakhazikika ndi amene anadza ndi nkhoswe, nagwira ntchito ya pamudzi, naphunzira chilankhulo ndi kakhalidwe ka pabwalo, nadziwa malire ake, ndipo mphotho yake yeniyeni anailandira mwa ana ake. Koma mbiri yomweyo ikudzudzulanso eni: pakuti banja limene lisunga mkamwini ngati wantchito, kotero kuti aopa kumanga nyumba ya njerwa kapena kubzala mtengo wa mango pamalo a mkazi wake, ndi banja limene lithamangitsa mtengwa wamasiye ndi kumulanda ziwiya, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuletsa, likuiwala kuti agogo ake omwe anafika kuno atasenza mphasa.

Kwa inu olemba masewero a pa wailesi ndi pa kanema, pempho ndi ili: musabwereke nyumba zachifumu za ku Nigeria pamene nkhani zikukudikirani pakhomo. Pitani kwa Kuntaja, kwa Kapeni, kwa Lundu ndi kwa Chigaru. Pemphani chilolezo monga mwa mwambo, mukhale pansi ndi ntchembere zimene zinasankhapo mfumu, ndi nkhalamba zimene zinaomberapo m'manja ana awo omwe, ndi amayi amene anasudzulidwa atakalamba. Mulembe zimene adzakuuzeni iwo akali moyo, pakuti ambiri a iwo zaka zawo zatha, ndipo zimene akudziwa sizinalembedwe m'buku lililonse.